Kusaka mudzi wa agogo ku National Archives mu Harare: mawilo a cholowa, chuma cha masiye ndi zikalata za malo

Funso ili limakonda kutuluka pamaliro, anthu atazungulira moto usiku ku Mabvuku, ku Mbare kapena ku Mufakose: kodi agogo aamuna anachokera mudzi uti kwenikweni? Wina amati ku Dedza, wina amakana nati ku Ntcheu, mdzukulu wina amangodziwa zoti ndi ku Nyasalande basi. Akuluakulu amene ankadziwa dzina la mudzi ndi la nyakwawa ambiri anagona kumanda a ku Warren Hills ndi ku Mbudzi, ndipo otsalawo ayamba kuiwala. N'chifukwa chake mabanja akufunsa ngati mapepala a boma angayankhe zimene pakamwa palephera. Malo amene aliyense amayamba kutchula ndi National Archives of Zimbabwe, ku Gunhill m'mbali mwa msewu wa Borrowdale, kumene makombi a ku Hatcliffe ndi ku Domboshava amadutsa. Tikufuna tione mmene malowa amathandizira munthu wamba wofufuza za banja lake, pamodzi ndi maofesi ena angapo amene simungawazembe mukayamba ulendowu.

Maganizo athu ndi akuti malowa ndi chuma chenicheni ndipo ndi oyenera kuwatayira tsiku lathunthu, mwinanso masiku atatu. Koma munthu wopita ndi dzina lokha, n'kukanena pakauntala kuti ndikufuna wilo ya agogo anga a Phiri, abwerako chimanjamanja. Vuto si ogwira ntchito. Vuto ndi mmene mapepalawo analembedwera kuyambira pachiyambi. Anawasanja potsata ofesi ya boma imene inawalemba, osati potsata banja, ndipo boma limene linkalembalo linkaona mlendo wochokera ku Nyasaland ngati manja ogwira ntchito amene tsiku lina adzabwerera kwawo, osati ngati mwini malo kapena wosiya chuma.

Nyumba yosungira zakaleyi inayamba mu 1935 ngati ya boma la Southern Rhodesia. Patapita zaka inayamba kutumikiranso Northern Rhodesia ndi Nyasaland pansi pa dzina lakuti Central African Archives, ndipo mu 1947 inatsegula nthambi ku Zomba, imene lero ndi National Archives of Malawi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife kuposa kwa wina aliyense, chifukwa ikutanthauza kuti nkhani ya munthu mmodzi inang'ambika pakati: za kumudzi kwake, msonkho wake ndi mfumu yake zili ku Zomba, za ntchito yake, nyumba yake ndi imfa yake zili kuno. Mapepala a boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, la 1953 mpaka 1963, ambiri anatsala mu Harare.

Kumeneko zimayenda chonchi. Mumafika tsiku la ntchito, makamaka m'mawa, muli ndi chitupa kapena pasipoti, n'kulembetsa ndi kulipira kandalama kogwiritsira ntchito chipinda chowerengera. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi ayambe wafunsa pafoni za mtengo ndi chilolezo, chifukwa malamulo a alendo ofufuza amasiyana ndi a nzika. Chikwama sichilowa m'chipinda chowerengera, ndipo tengani pensulo osati bolopeni, poti inki ikadontha papepala la zaka 90 sichotseka. Mafayilo simukadzitengera nokha pamashelefu. Mumayamba mwayang'ana m'mabuku ndi m'makadi a mndandanda, n'kupeza nambala ya fayilo, n'kuilemba pakapepala kopemphera, kenako n'kudikira kuti akakutengereni mosungira. Kudikirako ndiye kumadya tsiku, choncho perekani mapempho anu mukangofika, ndipo pamene mukuwerenga fayilo yoyamba mukhale mutapempha kale yotsatira. Zojambula mapepala ndi foni kapena kufotokopa zili ndi malamulo ndi mtengo wake, funsani musanatulutse foni m'thumba.

Manambala a mafayilo ali ndi chilankhulo chawo. Za nthawi ya British South Africa Company, kuyambira 1890 mpaka 1923, zimayamba ndi chilembo cha dipatimenti, ndipo za dipatimenti imene inkayang'anira anthu akuda zimayamba ndi N. Za pambuyo pa 1923 zambiri zimayamba ndi S, za chitaganya ndi F. Lamulo la 1986 loyendetsera malowa limati pepala la boma limatsegukira anthu likakwanitsa zaka 25. Komabe si pepala lililonse lazaka zimenezo limene mungalione. Lina limakhala likadali ku Records Centre, kumene mafayilo amasungidwa akadali a ofesi imene inawatumiza, ndipo kuti mulione pamafunika kalata ya ofesi imeneyo. Mukauzidwa zimenezi musaganize kuti akukukanizani dala. Funsani dzina la ofesi yoyenera, mukatenge kalatayo.

Musananyamuke kunyumba, ntchito yaikulu ili m'sutikesi ya pansi pa bedi. Chitupa chakale cha agogo, chija anthu kuno ankati situpa, chimaposa pepala lina lililonse, chifukwa chinkalemba dzina la munthu, la bambo ake, la mfumu ndi boma lochokera. Amene anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi pambuyo pake ankakhalanso ndi buku la ntchito, lolembamo ndalama zimene ankadulidwa kuti zitumizidwe kumudzi. Setifiketi ya imfa, ya ukwati, khadi la lendi ya kanselo, buku la bungwe la maliro, khadi la Mgonero la ku CCAP, kalata yofiira ndi ukalamba yokhala ndi sitampa ya ku Nyasaland, zonsezi zijambuleni ndi kulemba papepala limodzi chaka chilichonse ndi nambala iliyonse imene mwaiona. Manambala ndiwo makiyi, mayina amanamiza.

Mayina amanamiza chifukwa wolemba anali mzungu kapena kalaliki wolankhula Chishona kapena Chindebele, amene ankalemba zimene khutu lake lamva. Phiri amasanduka Piri kapena Pili, Nkhoma amakhala Nkoma, Mbewe amakhala Mbeve, Chirwa amalembedwa Chilwa. Ambiri analembedwa ndi dzina la kuntchito lokha, Jim, Sixpence, Fifteen, ndipo pamalo pa dzina la bambo pankalowa dzina la mtundu kapena la boma lochokera. Achiyao amapezeka ndi mayina awiri, la Chisilamu monga Saidi kapena Asani ndi lina la kumunda wa fodya. Ena anasintha dala dzina pamalire kuti asamangidwe chifukwa chothawa kontrakiti yakale. Ndiponso Phiri kapena Banda ndi mfunda wa anthu zikwizikwi, sungakulozereni khomo. Maboma nawonso muwafune ndi mayina a nthawiyo: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje, Ncheu ndi Ntcheu. M'mapepala akale kwambiri mupeza Central Angoniland, kutanthauza chigawo cha Lilongwe ndi Dedza, West Nyasa kutanthauza Nkhata Bay, ndi Mombera kutanthauza Mzimba. Kunonso n'chimodzimodzi: Salisbury ndi Harare, Sinoia ndi Chinhoyi, Gatooma ndi Kadoma, Hartley ndi Chegutu, Marandellas ndi Marondera, Umtali ndi Mutare. Wofufuza Chegutu m'makadi a 1950 sapeza kanthu, afune Hartley.

Tsopano za mawilo, zimene anthu ambiri amapitira. Wilo, kalata imene munthu amalemba yonena mmene chuma chake chidzagawidwire akamwalira, sisungidwa payokha. Imakhala m'fayilo ya chuma cha masiye, imene imatsegulidwa ku ofesi ya Master of the High Court, woyang'anira chuma cha omwalira, ndipo imapatsidwa nambala yoyamba ndi DR, kutsatira nambala ndi chaka. Mafayilo a posachedwa ali kwa Master komweko m'tauni, akale anasamutsidwira ku Archives. Mukaipeza fayilo yotere mwapeza golide, ngakhale mulibe wilo m'katimo. Pepala loyamba ndi chidziwitso cha imfa, chimene amachitcha death notice, ndipo musachisokoneze ndi setifiketi ya imfa. Setifiketi imanena tsiku ndi matenda. Death notice imafunsa kumene womwalirayo anabadwira, mayina a makolo ake, msinkhu, ntchito, mkazi kapena mwamuna wake, amene anamwalira kale ndi amene alipo, ndi mayina a ana onse. Lamulo limati iperekedwe pasanathe masiku 14 chimwalirire munthu, ndiye amene ankailemba anali wachibale wapafupi, maliro akadali m'maso. Onani amene anasaina pansi. Ngati ndi mkazi wachiwiri, musadabwe ana a kumudzi atasowa pamndandanda. Ngati ndi mwana wobadwira kuno, dzina la mudzi lingakhale lolakwika kalembedwe koma lolondola kamvekedwe, choncho liwerengeni mokweza kangapo, mwina n'kumva Kachindamoto kapena Kaphuka m'zilembo zosokonekerazo.

Pambuyo pake pamabwera mndandanda wa katundu, umene umatchula nambala ya sitandi ya nyumba, buku la ku positi ofesi, penshoni, njinga, makina osokera, ng'ombe ngati zinalipo. Kenako zolemba za msonkhano wa achibale wosankha woyendetsa chumacho, umene amautcha edict meeting, ndipo pamenepa ndi pamene mayina a atsibweni, azakhali ndi alamu amatulukira limodzi ndi ubale wawo kwa womwalirayo. Kumapeto kuli akaunti ya kagawidwe, yonena amene analandira chiyani ndiponso, nthawi zina, kumene ankakhala. Mwana amene gawo lake linatumizidwa ku positi ofesi ya ku Malawi wakupatsani njira yonse.

Wilo ikakhalapo, musangowerenga za katundu. Lamulo la kuno limafuna mboni ziwiri zosaina pamaso pa mwini wilo, ndipo mboni siyenera kukhala wolandira cholowa. Choncho munthu ankaitana mnzake wokhulupirika amene si wam'nyumba, ndipo kwa mchona ameneyu kawirikawiri anali mnzake wa kwawo, mkulu wa mpingo kapena mlembi wa bungwe la maliro. Dzina la mboni lingakutsogolereni kubanja lina la mu Highfield limene likudziwabe mudzi umene inu munauiwala. Izi ambiri amazidumpha, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa mzere umodzi umenewo nthawi zina umaposa fayilo yonse.

Nambala ya DR mungaipeze bwanji ngati kunyumba kulibe pepala? Chuma cha masiye chikalembetsedwa, pamatuluka chidziwitso mu Government Gazette, chikalata cha zidziwitso za boma, ndi munyuzipepala choitana amene ali ndi ngongole ndi womwalirayo, ndipo chimatchula dzina, tsiku la imfa ndi nambalayo. Laibulale ya ku Archives ili ndi Gazette ndi The Herald, imene kale inali Rhodesia Herald. Yambani mwezi umene munthuyo anamwalira n'kumapita kutsogolo chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa mabanja ambiri ankachedwa kulembetsa mpaka atafuna kusintha dzina la nyumba. Pa intaneti, FamilySearch ili ndi zithunzi za ma death notice a dziko lino a kuyambira 1904 mpaka 1976, ndipo kuyang'ana n'kwaulere. Kungoyesa musanalipire kombi sikuwononga kanthu.

Apa ndi pamene tiyenera kunena chilungamo. Makolo athu ambiri alibe fayilo kwa Master. Lamulo lolola anthu akuda kulemba wilo, Native Wills Act, linabwera mu 1933, koma olemba anali ochepa, makamaka aphunzitsi, abusa, eni magolosale ndi ogula minda. Munthu wokhala m'komboni ya pafamu ku Mazoe kapena ya mgodi wa Shamva ankasiya bulangete, njinga ndi malipiro a mwezi, ndipo mawu ake otsiriza ankauza anzake pamphasa, osati loya. Chuma chotere chinkadutsa kwa Native Commissioner, amene pambuyo pake anatchedwa District Commissioner, ndipo ndalama ya mlendo inkatha kutumizidwa kwawo kudzera mwa woimira boma la Nyasaland amene anali ndi ofesi mu Salisbury. Ndiye kwa amene anamwalira isanafike 1980, funsani mafayilo a boma limene anafera, osati a Master okha: mabuku a chuma cha omwalira, a milandu ya pabwalo la Native Commissioner, a maukwati ndi a zofufuza imfa zangozi. Mabuku a milandu ya ukwati ndi ya cholowa ndi okoma kwambiri kwa wofufuza, chifukwa mboni zinkafotokoza ubale wonse kuti bwalo limvetse. Kuipa kwake, mulibe mndandanda wa mayina. Mumatsegula tsamba ndi tsamba, m'zilembo zamanja, ndipo kopanda chaka chodziwika mungathe sabata.

Dziko litalandira ufulu, chuma cha anthu okwatirana mwamwambo chinkapita ku makhoti a m'madera ndi kwa majisitireti, kumene kunkatuluka setifiketi yotchula wolowa m'malo mmodzi, kawirikawiri mwana wamwamuna woyamba. Mlandu wotchuka wa Magaya, umene khoti la Supreme linagamula mu 1999, unali wa nyumba ya ku Mabvuku ndipo unatsatira lamulo lakaleli. Kusintha kunabwera ndi lamulo la 1997, limene linapatsa mkazi kapena mwamuna wotsala nyumba imene ankakhalamo ndi kugawira ana onse. Kwa wofufuza, zimenezi zikutanthauza kuti pepala la chisanafike chaka cha 1997 lingatchule mwana mmodzi yekha ngakhale analipo asanu ndi atatu. Musaganize kuti enawo kunalibe. Afuneni m'zolemba za msonkhano wa achibale, osati pasetifiketi.

Za malo zili ndi ofesi yakeyake. Deeds Registry ili mu Harare ndi ku Bulawayo, ndipo malo a ku Matabeleland amafunidwa ku Bulawayo. Aliyense angafufuze atalipira. Mungafune ndi dzina la mwini, ndi nambala ya chikalata ndi chaka chake, kapena ndi dzina la malowo monga linalembetsedwera. Cholakwika chofala ndi kupita ndi nambala ya pageti ndi dzina la msewu. Ofesiyi imadziwa nambala ya sitandi ndi dzina la township, zimene mungazione pabilu ya kanselo. Chikalata chilichonse chosamutsa umwini chimatchula chikalata chimene chinalipo m'mbuyo mwake, choncho mumayenda chobwerera, kuchoka kwa mwini wa lero kupita kwa amene anamugulitsa, mpaka kukafika pa chikalata choyamba chimene boma linaperekera malowo. Lembani nambala iliyonse ndi chaka, ndipo onaninso zidindo za m'mbali, zimene zimasonyeza ngongole ya kubanki kapena kusamutsa kochokera m'chuma cha masiye. Chikalata chosamutsa kuchokera kwa womwalira chimakubwezerani ku fayilo ya DR ija, ndipo zingwe ziwirizi zikakumana mumadziwa kuti muli panjira yolondola.

Koma kodi dzina la agogo lingapezeke mmenemo? Kawirikawiri ayi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Land Apportionment Act ya 1930 inaika matauni ndi minda yabwino m'manja mwa azungu, ndipo Land Tenure Act ya 1969 inalimbitsa zomwezo. Munthu wakuda m'tauni anali wa lendi. Mpata wogula unatseguka pang'onopang'ono, ku Highfield m'zaka za m'ma 1950, ku Marimba Park ndi ku Kambuzuma m'zaka za m'ma 1960, ndipo unafika kwa ochepa. Minda yogula ya anthu akuda, monga ya ku Msengezi ndi ku Marirangwe, ili ndi mafayilo abwino a zopempha malo ndi mikangano ya cholowa, ndipo angakuthandizeni ngati agogo aakazi anali mwana wa kumeneko. Kwa obadwira m'midzi ya kuno, dzina lili m'buku la sabhuku, nyakwawa ya kuno, osati ku Deeds.

Ngakhale zili choncho, ofesi ya Deeds ili ndi ntchito ina imene ambiri saiganizira. Mabanja a m'mafamu amakumbukira dzina la famu ndi dzina lopeka la mzungu, lija antchito ankamupatsa malinga ndi khalidwe lake, koma sakumbukira chaka. Chikalata cha famuyo chikuuzani dzina lenileni la mwini ndi zaka zimene anaigula ndi kuigulitsa. Ngati azakhali anu amati anabadwa chaka chimene mzungu wakale anachoka n'kubwera watsopano, mwapeza chaka chawo chobadwa. Ngati banja linasamuka ndi bwana kuchoka ku Banket kupita ku Bromley, zikalata ziwirizo zikusonyezani nthawi. Dzina la famu mungalitsimikize pamapu a Surveyor General a 1:50 000, amene amaonetsa mayina ndi malire a mafamu, ndipo ofesi yomweyo imasunga chojambula cha malo alionse opimidwa. Nambala ya chikalata ili ndi njira yachidule: kuyambira chaka cha 2000, mafamu amene boma linkatenga ankalengezedwa mu Gazette ndi munyuzipepala, pamodzi ndi nambala ya chikalata, dzina la mwini, boma ndi kukula kwake. Pazikalata zakale kukula kunalembedwa m'mamorgen, ndipo morgen imodzi ndi pafupifupi mahekitala 0.857, kotero famu ya azungu oyambirira ya mamorgen 1,500 inali pafupifupi mahekitala 1,285. Mukadziwa dzina lenileni la mwini famu, funsaninso fayilo ya chuma chake cha masiye. Pa akaunti pamatha kuoneka malipiro otsala a antchito, ndipo wilo ya bwana nthawi zina inkatchula wophika kapena kapitawo amene anakhala naye zaka zambiri.

Kwa a m'malokeshoni, pepala lenileni la malo si la ku Deeds, ndi fayilo ya nyumba ya kukanselo. Ife timaiika pamwamba pa zonse zimene tatchulazi. Lamulo la 1946 la malo ogona anthu akuda m'matauni linasiyanitsa mahositelo a amuna okhaokha, monga a ku Mbare, ndi nyumba za mabanja, ndipo kuti munthu apatsidwe nyumba ya banja ankayenera kuonetsa ukwati wolembetsedwa. Ndiye m'fayilo ya nyumba mumakhala nambala ya chitupa, dzina la bwana wa kuntchito, dzina la mkazi ndi ana amene analembedwa pakhadi. Pambuyo pa 1980 nyumba zambiri za lendi zinagulitsidwa kwa okhalamo ndi pangano la kanselo, ndipo zambiri mpaka lero zilibe title deed, chikalata cha umwini. Umwini wake umasamutsidwa ndi pepala lotchedwa cession, losainidwa kukanselo komweko. Ichi n'chifukwa chake munthu amakafufuza ku Deeds nyumba imene banja lakhalamo zaka 60 n'kupeza kuti ikadali m'dzina la mzinda. Pitani ku ofesi ya kanselo ya m'dera lanu, kapena ku likulu la dipatimenti ya nyumba ku Remembrance Drive mu Mbare. Fayiloyi si ya aliyense monga za ku Archives. Tengani chitupa chanu, setifiketi yobadwira yosonyeza ubale, setifiketi ya imfa ya mwini nyumba, ndipo ngati alipo woyendetsa chuma cha masiye mupite naye. Chenjezo limodzi: kufunsa za fayilo ya nyumba kumadzutsa mantha m'banja, ena amaganiza kuti mukufuna kulanda. Uzani atsibweni ndi azakhali cholinga chanu musanapite, kuopa kuti kufufuza mbiri kungabale mlandu.

Mipingo ndi manda zimatseka mipata imene boma linasiya. Ntchito ya mpingo umene lero ndi CCAP Harare Synod inayamba mu 1912, pamene mbusa T.C.B. Vlok anabwera ku Salisbury kudzatumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo mkhristu wobwera kuno ankabweretsa kalata yosamukira yotchula mpingo wa kwawo. Dzina la mpingo ngati Mlanda, Kongwe kapena Nkhoma likuchepetserani dera lofufuza kuchoka pa boma lonse kufika pa midzi yowerengeka. Kwa Asilamu, akuluakulu a mzikiti ndi mabungwe a maliro ndiwo amadziwa. Mabuku a manda a kanselo amapereka tsiku loika maliro, ndipo tsiku limenelo ndi limene mumayambira nalo mu Gazette.

Mukapeza boma, mfumu ndi mudzi, padakali msampha umodzi, ndipo ndi waukulu. Mapepala onse a kuno amafunsa dzina la bambo. Koma kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, munthu ndi wa kwa mayi ake. Munda ndi manda zili ku mbumba, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, mlongo wa mayi. Bambo amene analembedwa pachitupa mwina anali mkamwini chabe m'mudzimo, wochokera kwina, amene ukwati utatha anabwerera kwawo n'kuiwalika. Mukakafika kwa nyakwawa ku Dedza n'kutchula dzina la bamboyo, angakuuzeni moona mtima kuti sakumudziwa. Dzina lotsegula khomo ndi la mayi a agogo, la alongo awo kapena la atsibweni awo, ndipo ndi dzina limene chitupa sichinafunse. Lifuneni pa death notice pamzere wa mayi, pa munthu amene ankalandira ndalama zotumizidwa kumudzi, ndi pa makalata akale, chifukwa mchona ankalembera mlongo wake kuposa wina aliyense. Kwa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka zinthu n'zosiyana, kumeneko dzina la bambo limagwira ntchito monga lilili.

Ku Malawiko musayembekezere chikalata cha munda wa kumudzi. Malo a makolo ankagawidwa ndi mfumu popanda pepala, kupatula dera la kumadzulo kwa Lilongwe kumene, potsatira malamulo a 1967, minda inalembetsedwa m'dzina la ndunda, kutanthauza banja lonse pansi pa mtsogoleri wake. Ngati mudzi wanu uli kumeneko, kaundula wa malo ku Lilongwe angakupatseni dzina la mtsogoleri wa banjalo. Kwina konse, Zomba ikupatsani mabuku a DC onena za mafumu ndi midzi yawo, ndipo zotsala zili m'mutu mwa agogo aakazi a m'mudzimo. Midzi yambiri inagawikana n'kutenga mayina atsopano, choncho yambirani kwa mfumu yaikulu ya dera, mutchule dzina lakale la mudzi monga lilili papepala, ndipo mutenge mafotokope a zonse zimene mwapeza mu Harare, aliyense atalembedwa kumbuyo nambala ya fayilo ndi ofesi imene anachokera.